Idah Namakhwa ndi Makompyuta Othamanga Pachabe

Idah Namakhwa ndinamuphunzitsa masamu zaka zinayi pa sekondale yathu ya masana kufupi ndi Nsaru, ndipo patapita zaka zingapo tinagwira ntchito limodzi pa sukulu yomweyo. Ine ndine Lidiya. Zimene anamuchita mtsikana ameneyu ndinaziona ndi maso angawa, ndipo zina ndinathandizira nawo potseka pakamwa panga. Ndikazikumbukira ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Idah anabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Kabudula, chaka cha chisankho choyamba cha matipate. Makolo ake, a Saulosi ndi a Mariya, anachokera ku Phalombe pa lole ya mwini esiteti atauzidwa kuti akalima nyengo ziwiri zokha, kenako adzabwerera kwawo ndi malata. Anakhala zaka zoposa makumi awiri. Nyumba yawo inali yaudzu kuyambira khoma mpaka denga, chifukwa tenanti samanga ya njerwa pamalo a mwini. Idah anadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake.

Kusukulu ana a matenanti sankasowa. Nyengo yothyola fodya ankafika belu litalira kale, zala zili bii ndi utomoni wa masamba, ndipo anzawo ankawatcha obwera. Ambiri ankangozyolika. Idah ankayankha. Anali wamfupi, wa mawu akuluakulu, ndipo akakwiya Chichewa chake chinkatembenukira kummwera, kalasi yonse n'kuseka, iye n'kukwiyiratu. Koma masamu ankawatha kuposa onse amene ankamusekawo.

Atalemba Folomu 4 anapita mumzinda, n'kupeza ntchito yosesa ndi kugulitsa makava a mafoni mu kashopu kena ku Malangalanga. Mwini shopuyo ataona kuti manja a mtsikanayu sanjenjemera, anamuphunzitsa kumasula mafoni ndi kuwotcherera timawaya, kenako makompyuta. Anakhalako zaka zinayi. Anabwerera ku esiteti mayi ake atamwalira, chifukwa bambo ake anatsala okha, miyendo itayamba kutupa.

Mu 2018 bungwe lina la mumzinda linatipatsa makompyuta makumi awiri. Anali akale, amene maofesi akunja anasiya kugwiritsa ntchito. Popeza sukulu yathu ilibe magetsi, anatiikira masola padenga, mabatire m'khola lachitsulo pakona ya chipinda, ndi bokosi lotchedwa invata limene limatenga moto wa m'mabatire n'kuupereka ku makompyuta. Amene analumikiza zonsezi anali Gerald, katswiri wa bungwelo, mnyamata wamkulu wolankhula mothamanga. Tsiku lopereka anaima pamaso pa makolo n'kunena kuti, "Mabatire awa akadzaza, ana aziphunzira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ngakhale kunja kuchite mitambo."

Panafunika munthu wosamalira chipindacho. Anafunsira awiri: Idah, ndi Doreen, mdzukulu wa a Bester Chikoti. A Chikoti anali wapampando wa komiti ya sukulu, mkulu wa mpingo, ndiponso mlimi wa ngolo ziwiri, munthu amene akatsokomola pamsonkhano ena onse ankasiya kulankhula. Gerald anayesa atsikana awiriwo powapatsa kompyuta yosayaka. Idah anaitsegula, n'kukhazika bwino kachipangizo kamene kanasuntha, ndipo inayaka. Ntchito inapita kwa iye. A Chikoti anamugwira chanza, koma nkhope anayang'ana kwina.

Miyezi yadzuwa zonse zinayenda. Mavuto anayamba mu Disembala, mvula itakhazikika. Ikamakwana 11 koloko m'mawa invata inkayamba kulira, kenako makompyuta onse thii, ana ali pakati pa ntchito. A Folomu 4, amene anali ndi mayeso a kompyuta chaka chimenecho, nthawi yawo inali ya masana, choncho ankapeza chipinda chitazima kale.

Idah anali ataona kale chinthu chimodzi chosamusangalatsa. Makompyutawo ankatentha, ndipo mafani a m'kati mwake ankasokosera ngati chigayo ngakhale pamene panalibe wowagwira. Analembera ahedi katatu. Anaimbiranso Gerald, ine ndili pomwepo, foni ili pa sipika.

"Achimwene, makompyutawa akudya moto wambiri ali chikhalire. Pali chimene chalakwika."

"Ife tinawerengera zonse, achemwali," anatero Gerald. "Ngati moto ukutha, ndiye kuti kumeneko mukulumikiza zinthu zina."

Mawu amenewa anafika kwa a Chikoti, ndipo sabata isanathe mudzi wonse unkadziwa zimene Idah amachita. Ena ankati amatchaja mafoni a anthu a ku esiteti. Ena ankati amawiritsa madzi osamba. Mayi wina analumbira kuti anamuona akuwongolera tsitsi atsikana. Tsiku lina a Chikoti anangotulukira osagogoda, n'kupeza mafoni awiri ali pa soketi. Imodzi inali ya Idah. Inayo inali yanga.

A Chikoti anaitanitsa msonkhano wa komiti m'kalasi ya Folomu 3. Idah anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, munthu wamkulu wolembedwa ntchito payekha, koma iwo anatumiza uthenga ku esiteti kuti bambo ake abwere. A Saulosi anayenda mtunda wonsewo ndi miyendo yotupa ija, atavala jekete lawo lopitira kutchalitchi, ndipo anawakhazika pa kadesiki ka ana kutsogolo.

A Chikoti anaika mafoni awiri aja patebulo. "Iwe mtsikana, iyi njako. Nanga iyi nja yani?"

Idah anandiyang'ana kamodzi. Ine ndinali nditakhala kumbuyo ndi aphunzitsi anzanga, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinkaopa kalata yochenjeza, ndinkaopanso a Chikoti, amene ankasonkhana ndi amuna anga pa bwalo la akulu a mpingo.

"Mwiniwake ali ndi pakamwa," anatero Idah. "Koma bambo Chikoti, mafoni awiri sangamalize mabatire onsewo. Ngakhale mafoni makumi awiri. Amene akudya moto ndi makompyutawo. Tiyeni tipite mukaike dzanja pamwamba pake, mukamve mmene akutenthera."

"Ndiye ukuti katswiri wa mumzinda ndi wabodza, wanzeru ndiwe?"

"Sindinati ndi wabodza. Ndati sanabwere kudzaona."

"Tamvani kuyankha kwake! Tinanena ife kuti zinthu za ana athu musapatse anthu osadziwika kumene achokera. Lero ali kuno, mawa akwera lole. Chingawapweteke n'chiyani?"

Idah anaimirira. "Ndinabadwira kuno ine! Ndinaphunzira m'kalasi muno, pa desiki iyo! Mukufuna ndichokere kuti kuti mundidziwe?"

Pamenepo m'pamene a Saulosi anatsika pa kadesiki kaja. Anavula chipewa, n'kugwada pa simenti pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira desiki chifukwa mawondo sankapinda bwino.

"Mabwana, pepani. Mwanayu walakwa. Ndine ndinalephera kumulera. Mukhululukireni."

"Bambo, dzukani!" Idah anakuwa mpaka ana a makalasi ena anasuzumira m'mawindo. "Mukupepesa chiyani? Ndaba chiyani ine? Dzukani!"

Sanadzuke. Zaka zonse za pa esiteti zinawaphunzitsa kuti bwana akakwiya umagwada kaye, zofunsa pambuyo. Anagwadabe mpaka a Chikoti atawauza kuti basi. Komiti inamulanda Idah makiyi tsiku lomwelo, n'kuwapereka kwa Doreen. Lamulungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, mpingo wonse unauzidwa kuti amene ankaba magetsi a ana asukulu wapezeka ndipo wachotsedwa.

Magetsi anapitiriza kuzima 11 koloko. Wina angaganize kuti anthu anachita manyazi. Ayi ndithu. Anangoti mtsikana uja anapheratu mabatire asanachoke.

Kwa masabata atatu Idah sanandipatse moni. Tikakumana pamsika ankadutsa ngati wadutsa chitsa. Loweruka lina m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku esiteti, ndipo ndinamupeza m'chigafa akupachika fodya.

"Idah, ndabwera kudzapepesa."

"Kupepesa kwa m'chigafa nditani nako, madamu? Anandinyoza m'kalasi ndi m'tchalitchi. Muno mukumva nkhuku zokha."

Anapitiriza kupachika, ndodo itatu kapena inayi, kenako anatembenuka.

"Ngati mukufunadi kundithandiza, mundipezere makiyi Loweruka likubwerali. Ndikuganiza kuti ndachipeza."

Masabata onsewo anali akuwerenga pa foni yake, m'mabwalo a pa intaneti mmene anthu okonza makompyuta amafunsana mafunso. Anandifotokozera titakhala pa mulu wa ziguduli. Anati m'kompyuta iliyonse muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. Kamatha kuyenda pang'onopang'ono, kamathanso kuthamanga, ndipo kakathamanga kamadya magetsi ambiri n'kumatentha. Chimene chimakauza liwiro ndi phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, limene amalitcha kenelo.

"Mu kenelomo muli lamulo la liwiro. Amalitcha gavana."

"Gavana ngati wa chipani?"

"Dzina ndi lomwelo. Ndipo alipo angapo. Wina amati thamanga nthawi zonse, kaya pali ntchito kaya palibe. Wina amati yenda pang'onopang'ono nthawi zonse. Wina amati ntchito ikabwera thamanga, ikatha bwerera pansi. Amene akukonza pulogalamuyo amasankha mmodzi woti aziyamba yekha kompyuta ikayaka. Ngati palibe wasintha, amalamulira yemweyo mpaka kalekale. Makompyuta atsopano sasiyana kwambiri, koma akale ngati athuwa, ukawasiya pa wothamangayo, amamwa moto ngati ng'ombe pa dambo."

Loweruka lotsatira ndinauza Doreen kuti ndikufuna kulemba mayeso a ana pa kompyuta, ndipo anandipatsa makiyi. Idah anafika 9 koloko m'mawa, kunja kuli mitambo. Mawu achinsinsi olowera m'kati mwa pulogalamu sanavute, chifukwa Gerald anawalemba pa kapepala n'kumata kuseri kwa chitseko cha khola la mabatire. Tinayatsa makompyuta onse. Idah anandiuza kuti ndiime pa invata ndiziyang'ana nambala imene imasonyeza moto umene ukutuluka.

Iye anatsegula tsamba lakuda la zilembo zoyera n'kulemba mizere ingapo. Anandiitana kuti ndidzaone. Kompyutayo sinkagwira ntchito iliyonse, koma purosesa inali pa liwiro lake lomaliza, ndipo pansi pake panali dzina la gavana wothamanga uja. Anapita pa yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Onse makumi awiri.

Anayamba kusintha, kompyuta imodzi imodzi, kuika gavana wa pakufunika. Sipanatenge nthawi mafani anayamba kutsika mawu. Pofika pa yomaliza, m'chipindamo munali zii moti tinkamva mvula yowaza padenga. Nambala ya pa invata inatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ine ndinaomba m'manja. Idah sanaseke n'komwe. Anayang'ana liwu limodzi limene anasinthalo, kenako anamenya mpando ndi phazi mpaka unakagunda khoma.

"Liwu limodzi, madamu! Bambo anga anagwada pa simenti chifukwa cha liwu limodzi ili!"

Tinazimitsa zonse n'kutseka. Lolemba m'mawa ndinachonderera ahedi kuti aitane a Chikoti adzaone okha. Anabwera ndi anthu awiri a komiti. Idah analowa mutu uli m'mwamba, n'kuwauza kuti ayatse makompyuta amve kusiyana kwake. Doreen anayatsa. Patangopita mphindi zochepa mafani anayamba kusokosera ngati kale, ndipo nambala ya pa invata inakwera kufika pamene inali poyamba.

Idah anathamangira pa kompyuta yoyamba n'kutsegula tsamba lakuda lija. Gavana wothamanga anali atabwerera.

A Chikoti anaseka mpaka anagwira khoma. "Ndi zimenezi mwatiitanira? Ndiye kuti wakubayu akumalowanso muno Loweruka, eti? Anamutsegulira ndani?"

"Ndine," ndinatero. "Ndipo foni ija munaipeza pa soketi inali yanga. Loweruka ndinaona ndi maso anga moto ukutsika."

Ndinalandira kalata yochenjeza imene ndinkaiopa ija, ndipo sinandiphe. Koma zoona zanga zinafika mochedwa, panalibenso amene anazifuna. Idah anatuluka osayang'ana munthu. Ndinamupeza kuseri kwa zimbudzi za atsikana akulira, osati kwachisoni, koma kwa munthu amene akufuna kuswa chinthu ndipo palibe choti aswe.

Patangopita masiku awiri okha anabweranso, ulendo uno kunyumba kwanga. Anali atapeza pamene analakwitsa. Zimene anasintha Loweruka zinali za kanthawi. Kompyuta ikazima n'kuyakanso, kenelo imaiwala zonse n'kubwerera ku chimene anaisankhira amene anaikonza. Panafunika kulemba lamulo lina pamalo amene kompyuta imawerenga nthawi iliyonse ikamayaka, kuti gavana wa pakufunika azilowa yekha.

Ahedi anali atapanikizika, chifukwa mayeso ankayandikira ndipo makolo a ana a Folomu 4 anali atayamba kufunsa. Anavomera kuti Idah alowe Lachinayi pa nthawi yopuma, iwo ali pomwepo, komiti osaiuza. Idah analemba lamulolo m'makompyuta onse. Kenako anazimitsa n'kuyatsa, anazimitsanso n'kuyatsanso, katatu konse, akuyang'ana ahedi m'maso. Mafani anakhala chete. Kuyambira tsiku lotsatira, ngakhale kunja kuchite mdima wa mvula, makompyuta ankafika 2 koloko masana. Sankafika nthawi imene Gerald analonjeza, chifukwa mabatire anali atafooka ndi kuphwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu. Koma a Folomu 4 anayamba kuphunzira.

Gerald anabwera mu Malichi, pa ulendo wake woyendera masukulu. Ahedi atamuuza zimene zinachitika, anakhala pa kompyuta imodzi, n'kuwerenga zimene Idah analemba, nkhope itakwinyika. Anatumiza uthenga kuti Idah abwere. A Chikoti nawonso analipo.

"Anakupatsani chilolezo ndani chogwira m'kati umu?" anafunsa Gerald.

"Ndiyambe ndafunsa ine, achimwene. Anasankha ndani kuti makompyutawa azithamanga osapuma?"

"Palibe anasankha. Ndi difoti. Zimabwera choncho."

"Zimabwera kuchokera kuti? Zimagwa ndi mvula?"

Gerald anapumira m'mwamba. Anati pulogalamuyo anaitenga kwa anzawo akunja itakonzedwa kale, ndipo kumeneko magetsi savuta, chimene amafuna n'chakuti kompyuta yakale isamachedwe. Iwo anangoiyesa ku ofesi, pa magetsi a pakhoma, n'kuikopera m'makompyuta onse.

"Ndiye alipo munthu anasankha," anatero Idah. "Anasankhira kwawo, ndipo kwawoko mwina sanalakwe. Koma inu munanyamula masola kubwera nawo kuno. Mumadziwa kuti moto wathu ngwa m'mabatire. Munayang'ana?"

Idah anapitiriza.

"Ndinakuimbirani foni. Ndinakuuzani kuti akutentha ali chikhalire. Munati chiyani? Munati tikulumikiza zinthu zina. Mawu anu amenewo anandichotsa ntchito. Anandilengeza m'tchalitchi kuti ndine wakuba. Inu munali kuti? Pa mpando wozungulira, fani ikukukupizani!"

"Iwe, lankhula mwaulemu kwa alendo," anatero a Chikoti.

"Inu musandiuze za ulemu! Ulemu munauona tsiku lija, utagwada pa simenti, ndipo munausiya ugwade!"

Kenako Idah anafunsa Gerald kuti makompyuta otere anawapereka m'masukulu angati. Anati khumi ndi anayi. Anafunsanso ngati kwinako moto sukutha. Gerald anayang'ana makiyi a galimoto amene anali m'manja mwake, n'kunena motsitsa kuti madandaulo analipo, ndipo pa sukulu ina cha ku Nambuma anachotsa mlonda pomuganizira kuti amakoka waya kupita kunyumba kwake.

Asananyamuke, Gerald anajambula ndi foni mizere imene Idah analemba. Patatha miyezi iwiri kunabwera kalata ya bungwe lija yopita ku masukulu onse, yonena kuti akatswiri awo, atafufuza mozama, apeza njira yochepetsera kagwiritsidwe ntchito ka magetsi. Dzina la Idah munalibe. Ahedi anaimata pa bolodi la mu ofesi, ine n'kuichotsa.

Komiti inakumananso. Doreen, amene sanalakwire munthu pa nkhani yonseyi, anali atanena yekha kuti ntchitoyo sakuitha. Komitiyo inatuma ahedi kuti akauze Idah kuti akhoza kuyambanso Lolemba. Idah anati abwera, koma pakhale zinthu ziwiri: a Chikoti apite ku esiteti akauze bambo ake kuti mwana wawo sanabe kanthu, ndipo alengeze zomwezo m'tchalitchi mmene analengeza zoyamba zija.

A Chikoti anayankha kuti iwo sangapite kukagwada kwa tenanti, ndipo zolengeza za mpingo si malo a milandu. Anawonjezera kuti mtsikanayo ayamike kuti akumubwezera ntchito ngakhale ali wamwano.

Ndinapita ndekha kukamunyengerera. Ndinamuuza kuti ana akumufuna, ndipo ntchito sizipezeka wamba.

"Madamu, ndikabwerera chonchi ndiye kuti ndavomera kuti anandikhululukira. Anandikhululukira chiyani? Ana ndawakonzera kale, makompyuta akuyenda. Makiyi awo asunge."

Sanabwererenso. Fodya wa chaka chimenecho atagulitsidwa, mwini esiteti anauza a Saulosi kuti miyendo yawo siingathenso munda, ndipo nyumba ikufunika banja lina. Anakwera basi kubwerera ku Phalombe, kumene anachoka ali mnyamata, ndipo anamwalira chaka chotsatira kwa mlongo wawo. Mpaka tsiku lonyamuka ankauzabe Idah kuti akanangopepesa, bwenzi ali pa ntchito. Chimenechi n'chimene chimamuwawa kwambiri, kuposa zonse za a Chikoti.

Idah sanapite nawo. Anabwereka khonde la golosale ina pa Nsaru, n'kuikapo tebulo, kasola kamodzi ndi chowotcherera. Alipo mpaka lero, ndipo tsiku la msika pamakhala mzere. Aphunzitsi a masukulu ozungulira amamubweretsera malaputopu, ena mwa iwo omwe aja anakhala chete nane m'kalasi ya Folomu 3. Amawakonzera, koma sacheza nawo.

Nkhani ya mlonda wa ku Nambuma sinamuchoke m'mutu. Bambo ake atangopita, anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinakwera njinga yamoto imodzi, fumbi lili kobo, n'kufunsira m'njira mpaka tinapeza mudzi wake. Dzina lake anali a Evaristo, bambo wa imvi amene analondera sukuluyo zaka khumi ndi chimodzi. Tinawapeza akuumba njerwa za munthu wina kudambo, matope mpaka m'mawondo.

Idah anawafotokozera zonse, za purosesa, za gavana, za mabatire. A Evaristo anamvetsera manja ali m'chiuno. Sindikhulupirira kuti anamva zambiri.

"Mayi, zimenezo zandipitirira," anatero. "Mungondiuza chimodzi. Ndiye kuti magetsi aja sanabedwe?"

"Sanabedwe, bambo. Ankadya ndi makompyuta eniakewo."

A Evaristo anakhala pa chikombole. Kenako anasamba m'manja m'chithaphwi n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba. Mukanene zimenezi pamaso pa akazi anga. Nawonso amaganiza kuti ndinaba."

Tinapita, ndipo Idah ananenanso zonse kuyambira poyamba, mayiwo atakhala pa mphasa, ana ndi anansi ataima pakhomo. Atamaliza, mayiwo anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo tinawamva akulira m'katimo.

Idah sanalekere pomwepo. Anatenga a Evaristo kupita nawo ku sukulu yawo ija, ine ndikuwaperekeza. Ulendo woyamba anauzidwa kuti ahedi achokapo. Wachiwiri anauzidwa kuti nkhaniyo inatha kale. Wachitatu Idah anakhala pakhomo pa ofesi kuyambira m'mawa, akufotokozera mokweza aliyense wodutsa, makolo ndi ana omwe, mpaka ahedi a kumeneko anatuluka thukuta lili kamukamu. Ntchito sanawabwezere, anati pali kale munthu wina. Koma analemba kalata ya chidindo yonena kuti a Evaristo anachotsedwa molakwika ndipo sanabe chilichonse. Ndi kalata imeneyo anapeza ulonda pa depoti ina yogula chimanga pa Nambuma.

Pobwerera tsiku limenelo njinga yamoto inaphwa tayala, ndipo tinayenda wapansi mtunda wautali. Ndinamuuza Idah kuti wachita chinthu chachikulu, mtima wake ukhaleko pansi tsopano.

"Masukulu anali khumi ndi anayi, madamu," anatero, osachepetsa liwiro. "Ife tikudziwa awiri okha."